Makwinya a Pachifuwa cha Lusubilo

Lusubilo anali chogwada pambali pa bafa, akukwecha chuku chakuda chimene chimamera m'makona nyengo yozizira ikafika, pamene foni inalira pazenera. Linali Loweruka m'mawa, tsiku lokhalo m'sabata imeneyo limene sanali pa shifiti. Anaisiya ilire. Italira kachiwiri anavula gulovu ndi mano n'kusuzumira dzina. Anali Misozi, mlamu wake wa ku Manchester, mlongo wa mwamuna wake Rowland.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Zodzukazo tazisiyani. Mayi Phyllis agwa."

"Agwa kuti?"

"Kuntchito. Amasambitsa gogo wina, miyendo yangoti lefu, mutu wakamenya sinki. Ambulansi yawatenga. Thoko wandiimbira akulira ngati khanda." Thoko anali mwana wa Mayi Phyllis a ku mpingo wa Lusubilo, mnzake wa Misozi kuyambira ku yunivesite. "Shuga watsikiratu. Lero ndi tsiku lachinayi asanaike kanthu kukamwa. Mukumudziwa amene akumusalirayo, kapena ndikutchulireni dzina?"

Mpopi unkadontha m'bafa.

"Kuchipatalako akukanabe kudya," anatero Misozi. "Ndili m'sitima, Huddersfield ndadutsa kale. Ndikupezeni mutavala."

Foni inaduka.

Anatsala chowerama, dzanja limodzi lili m'bafa. Khosi la malaya ake ogonera linali litalendewera, ndipo anawaona bwinobwino: makwinya atatu m'mbali mwa bere lamanzere, awiri kumanja, mizere yokwera ndi kutsika ngati ya lata la padenga. Akaima chilili inkabisalako. Akawerama inkatuluka yonse. Pansi pa khungu limenelo panali timatumba tiwiri ta silikoni timene anakaikitsa ku Turkey zaka ziwiri zapitazo, anthu a ku Wakefield kuno akudziwa kuti wapita ku maphunziro a ntchito.

Anakaikitsa chifukwa cha Rowland. Ana atatu anawayamwitsa onse mpaka kuyenda, ndipo bamboyo anayamba kumanena, uku akuseka, kuti mkazi wake wavala masilipasi pachifuwa. Ankanena ngakhale pali alendo. Lusubilo ankaseka nawo, kenaka n'kukadzitsekera kubafa. Pobwera ku opaleshoni, amene anakamuchingamira pabwalo la ndege anali Misozi. Anamusunga masiku khumi m'nyumba mwake, akumuveka malaya chifukwa mikono sinkakwera, ndipo analumbira kuti sadzauza munthu. Rowland anayamikira miyezi inayi. Wachisanu anasamukira ku Newcastle kwa mkazi wina. Ana anali ku Karonga kwa agogo awo, choncho Lusubilo anatsala yekha m'nyumba ndi chifuwa chatsopano.

Makwinya anabwera mochedwa. Mwamuna atachoka chakudya sichinkalowa, mashifiti n'kuchuluka, thupi n'kutha. Dokotala wa m'dera lawo, mayi wodekha amene anatenthetsa kaye manja asanamugwire, anati si matenda. Kathumba kamapindika m'mphepete, ndipo munthu akaonda khungu limapyapyala, mapindowo n'kumaonekera kunja. Anati akhoza kuyesa kunenepako, kapena madokotala ena akhoza kutenga mafuta pamimba n'kuwaika pamwamba pake, kapenanso kusintha timatumbato, koma poyamba afunse amene anamuchita opaleshoni. Lusubilo anawalembera a ku Turkey aja kanayi. Anamuyankha kamodzi, ndi chithunzi cha maluwa.

Kuyambira pamenepo anaphunzira kukhala nawo. Kamisolo wa thonje lochindikala, vesiti pamwamba pake, pini pakhosi pa yunifomu. Ku nyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, ponyamula munthu ankapinda mawondo msana uli chilili, mpaka tsiku lina bwana wawo anamuimika pamaso pa anzake kuti aonere kwa iye kanyamulidwe koyenera.

Zinaululika mwezi wa Okutobala. Gogo wina anamusanzira phala pachifuwa. Ali m'kachipinda kosinthira, atavula zonse kuti atsuke pasinki, chitseko chinatseguka. Anali Mwangala, mnzake wa pa shifiti wa ku Zambia, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka. Anaima pakhomo, maso ali pa makwinya aja ndi pa chipsera cha pansi pa bere. Pakhoma la chipinda chomwecho panali chipepala chophunzitsa azimayi zizindikiro za khansa, ndipo chithunzi chachitatu chinali cha khungu lokwinyika.

"Mayo, Lusu. Vinayamba liti?"

"Papita miyezi."

"Unaenda kuli dokota?"

"Ndinapita."

"Anakamba chani?"

"Akuti tidikire tione."

Pa mawu onsewa panalibe bodza. Mwangala anatseka chitseko, anavula juzi yake n'kumufunditsa, akulira mwakachetechete.

Pofika Lamulungu, azimayi onse a mpingo wawo, Amalawi ndi a ku Zambia amene amapemphera masana m'holo yobwereka, anali atamva. Palibe amene anatchula dzina la nthendayo. Nthenda yotere saitchula pamaso pa mwiniwake, ndipo munthu wamkulu safunsidwa za m'kati mwa malaya. Ankangoti "zija", kapena "ulendo umene muli nawowu". Popeza palibe amene anafunsa, Lusubilo sanafunike kunama. Ankangoweramitsa mutu.

Zinthu zinasintha. Nthawi imene Rowland anachoka, azimayi omwewa ankamupatsa moni wa patali, aliyense atagwira mkono wa mwamuna wake. Tsopano akaweruka ankapeza pakhomo makontena a nyemba ndi futali, atakulungidwa m'thaulo kuti asazizire. Mwangala ankathamangira okalamba olemera onse, iye n'kumusiyira troli ya tiyi. Ndiye panali Mayi Phyllis, a zaka makumi asanu ndi limodzi, odwala shuga, amene kale sankadziwana nawo kwenikweni. Iwo anayamba kubwera Lachinayi lililonse, ulendo wa mabasi awiri. Sankalalikira. Ankangokhala pampando n'kumasenda mbatata, kapena kumuluka tsitsi iye atakhala pansi pakati pa mawondo awo. Pa ulendo wachitatu anatseka katani, anamasula bulauzi, n'kumuonetsa pamene panali bere lawo lamanja: pathyathyathya, chipsera chachitali chokafika m'khwapa.

"Ngakhale Thoko sanaonepo," anatero. "Ndakuonetsa kuti udziwe kuti munthu amakhala moyo."

Tsiku limenelo Lusubilo anatsegula pakamwa kuti anene zoona. Koma analephera. Madzulo ake anagwada n'kumuuza Mulungu kuti Lachinayi likubweralo anena, ndipo lonjezo limenelo Mulungu analimva kasanu.

Kenaka chipatala china cha ku Leeds chinamupatsa tsiku loti akaonane ndi dokotala za kuika mafuta kuja, Lachitatu la sabata yamawa. Anangotchula popempha Mwangala kuti asinthane shifiti. Lamulungu lapitali Mayi Phyllis anaimirira pakati pa azimayi n'kulengeza kusala kwa masiku asanu ndi awiri, kuyambira Lachitatu, kuti pofika tsiku la ku Leeds kumwamba kukhale kutamva. Ena anati asala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Iwo anati madzi okha, usana ndi usiku. Dzana anabwera monga mwa masiku onse, manja akunjenjemera, tiyi anakana. Lusubilo anati, "Mayi, musadzivutitse chonchi." Anathera pomwepo.

Belu la pakhomo linalira akulimbana ndi pini ya pakhosi.

Misozi sanalowe. Anaima panja ndi ambulera, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Odwala athu. Ululu wakugonetsani koma?"

"Alamu, lowani kaye, anthu akumva."

"Amve chiyani? Azungu anayamba liti kumva Chichewa? Tiyeni, basi sidikira."

Anatsetsereka kupita pa siteji mvula ikuwaza. Misozi ankayenda mofulumira, nsapato zikulira pamsewu, ndipo ankalankhula osacheuka.

"Ine ndinamva milungu itatu yapitayo, Thoko akundifunsa ngati ndikudziwa kuti alamu anga akufa. Ndinakuimbirani. Munati chiyani?"

"Ndinati mundipatse nthawi."

"Ndinakupatsani. Mwaimaliza mukudya nyemba za eni."

"Sindinauze munthu aliyense kuti ndili ndi khansa."

"Ee, inu simunama. Inu mumangopendeketsa mutu ngati mayi wa pakalendala ya tchalitchi, ena n'kumanama m'malo mwanu. Achimwene anga ndi chitsiru, zimenezo sindikana, ndinawauza pamaso. Koma amene anakunenani masilipasi si Mayi Phyllis."

Basi inali itayamba kale kunyamuka. Dalaivala atawaona pagalasi anaima n'kutsegulanso chitseko, ndipo Lusubilo anamuthokoza kawiri. Anakakhala kumbuyo kwenikweni. Mawindo anali atachita nthunzi, kunja sikunkaoneka.

"Ndaganiza," anatero Lusubilo motsitsa mawu. "Ndikawauza kuti a ku Leeds andiimbira dzulo, aona zithunzi, khansa palibe. Ndipo palibedi. Adya, nkhani yatha."

Misozi anaseka kuseka kouma. "Ndiye mawa mukaime kutsogolo ndi maikolofoni, umboni, Yesu wachiritsa, anthu nthungululu. Anthu mwawamaliza, tsopano mukufuna kulemba ganyu Mulungu."

"Mukufuna ndikanene chiyani? Kuti ndinakaikitsa mapulasitiki kuti achimwene anu azindiyang'ana? Azimayi aja mukuwadziwa. Ndizikapemphera kuti? Pa shifiti ndizikhala ndi ndani? Inu muli ku Manchester ndi ofesi yanu, anzanu mbwee. Ine anthu anga ndi omwewa basi."

"Anthu anu. Anthu anu mmodzi ali pabedi ndi mutu wosoka."

"Simukudziwa kukhala m'nyumba chaka chonse belu osalira."

Misozi anapukuta windo ndi chigongono n'kuyang'ana kunja.

"Ine ndinalumbira, ndipo sindinena. Pakamwa ndi panu. Koma mayi aja akatisiya, nyimbo za pamaliro mudzatsogolera ndinu."

M'khonde lalitali la chipatala Lusubilo ankapemphera chamumtima, koma pemphero lake linalibe mutu. Ankangoti Ambuye, Ambuye, akuwerenga zitseko. Pakhomo la wodi, nesi wachitsikana anawauza kuti pabedi pamaloledwa anthu awiri okha ndipo alipo kale. Atamva dzina la wodwalayo anapumira m'mwamba. Anati ngati pali mmodzi mwa iwo amene angawadyetse mayi amenewo, alowe onse.

Mayi Phyllis anali pabedi la pafupi ndi zenera, bandeji pamwamba pa diso lamanzere, dilipi ili kumkono. Opanda duku ankaoneka ang'ono. Patebulo panali tositi ziwiri zouma, tiyi wozizira ndi nthochi. Mwangala anali ataima kumutu, adakali mu yunifomu. Thoko atamuona Lusubilo anadzuka msanga n'kumupatsa mpando wake.

"Anti, khalani, musaime inu. Talankhulani nawo, mwina inu akumverani." Chichewa cha Thoko chinali chopindika, cha mwana wokulira kuno. "Adokotala akuti impso zayamba kuvuta."

Nesi anakoka katani kuzungulira bedi n'kuchoka.

"Wabwereranji mvula yonseyi, mwana iwe?" anatero Mayi Phyllis. Mawu ankatuluka mokanda. "Ukufuna chibayo chikupeze pamwamba pa zinazo?"

"Mayi, idyani."

"Atsala masiku atatu."

"Shuga wanu…"

"Andiika dilipi. Dilipi siidutsa pakamwa, zimenezo ndakambirana kale ndi Ambuye. Achite zawo ndi singano. Koma supuni ayi."

Lusubilo anayang'ana Misozi. Mlamu wakeyo anali ataima kumiyendo kwa bedi, manja atapinda, maso ali kudenga.

"Ndabwera ndi uthenga," anatero Lusubilo. "A ku Leeds andiimbira dzulo. Aona zithunzi. Akuti khansa palibe."

Linali bodza lake loyamba pa nkhani ya nthendayi, ndipo linatuluka mosavuta.

Mwangala anatseka pakamwa ndi chikhatho kuti nthungululu isamveke wodi yonse, mapazi akuvina pamalo amodzi. Thoko anamukumbatira Lusubilo m'khosi. Mayi Phyllis anatseka maso, milomo yawo yong'ambika ikuyenda, madzi akutsika m'masaya mpaka m'makutu.

"Niuze gulu!" anatero Mwangala akusolola foni m'thumba la yunifomu. "Manje manje niuze gulu!"

Thoko anali atanyamula kale mbale ya tositi. "Mum, mwamva. Zatha. Idyani."

Mayi Phyllis anatsegula maso n'kukankha mbaleyo pang'onopang'ono ndi kuseri kwa dzanja.

"Mulungu wachita mbali yake tsiku lachitatu. Ine ndithawe lachinayi? Ndinati asanu ndi awiri, ndipo anamva. Otsalawa ndi othokoza."

"Mum!"

"Usandikalipire pamaso pa anthu. Munthu ukapempha n'kulandira, suthawa ndi mbale."

Thoko anaika mbale pansi mwamphamvu, tiyi n'kutayikira patebulo. Anatembenukira kukatani, mapewa akugwedera. Mayi Phyllis anatambasula dzanja lopanda dilipi n'kugwira la Lusubilo. Linali lozizira, lopepuka, ndipo linkanjenjemera ngakhale eni ake ankayesetsa kuliletsa. Misozi anali atasiya kuyang'ana kudenga.

"Mwangala, usatumize," anatero Lusubilo.

"Chifukwa?"

"Palibe amene wandiimbira."

Onse anamuyang'ana.

"Khansa ndilibe. Sindinakhalepo nayo n'kale lonse. Dokotala anandiuza kalekale, usanandione n'komwe, kuti si matenda."

"Nanga vija ninaona na menso yanga?"

"Ndi timatumba ta silikoni. Ndinakaikitsa ndekha ku Turkey kuti mawere adzuke. Ndaonda, ndiye tikuonekera pakhungu. Ku Leeds ndikukafunsa zoti akonze makwinyawo. Basi."

Kuseri kwa katani, wodwala wa bedi lina anatsokomola. Thoko anatembenuka pang'onopang'ono.

"Boob job," anatero. "Mayi anga asokedwa mutu chifukwa cha boob job?"

"Thoko…"

"Musanditchule! Dzukani pampando wanga." Lusubilo anadzuka. "Amakwera mabasi awiri, mawondo akutupa. Ine ndimawauza, Mum, pumani, iwo amati mwana wa eni ali yekha. Mumadya zakudya zathu. Mumawaona akunjenjemera dzana, inu phee, mukumwa tiyi!"

"Miyezi iwiri!" Mwangala anali atayandikira mpaka mpweya wake kumveka pankhope. "Miyezi iwiri nanyamula Bambo Thompson neka, chimuntu cholema monga ng'ombe, iwe uli kuyenda na troli monga mukazi wa nchito wa mundeke. Musana wanga uyu, nimagona na botolo ya manzi yakupya. Ninakupasa juzi yanga! Ninalila, Lusu. Ninauza na amai anga ku Mongu ati bakupempherere."

"Sindinakuuze kuti…"

"Ukayesa chabe kukamba ati sunaniuze, nizakumenya muno mwamene, banichose nchito."

Thoko anali atatembenukira kwa Misozi. "Iwe sukudabwa. Umadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira ku bwalo la ndege."

"Ndiye ndimakulilira pafoni, iwe ukudziwa?"

"Ndinalumbira, Thoko."

"Lumbiro lakolo ukadye."

Mutu wa nesi unasuzumira pakatani, n'kupempha kuti atsitse mawu chifukwa ena akupuma. Anayang'ana nkhope zawo mmodzimmodzi, sanafunse kanthu, anatsekanso bwinobwino pamene panatsala mpata.

Dzanja la Mayi Phyllis linali litabwerera pa bulangeti. Ankayang'ana mvula pazenera, ndipo nkhope yawo sinkaonetsa mkwiyo kapena chisoni. Lusubilo akadakonda akadamutukwana.

"Thoko," anatero potsiriza. "Ndipatse nthochiyo."

Thoko anawapatsa. Zala zinakanika kuthyola kumutu kwake. Lusubilo anatambasula dzanja kuti athandize.

"Usakhudze."

Mwangala ndi amene anasenda. Mayi Phyllis anadya pang'onopang'ono, akutafuna nthawi yaitali ngati akumeza mankhwala. Atafika pakati anapempha madzi. Palibe amene anayamika Mulungu. Atamaliza anapinda khoko bwinobwino n'kuliika pambale.

"Ine ndikadakhala nawo awiri," anatero akuyang'anabe kuzenera, "ngakhale ogwa mpaka pamchombo, bwenzi ndikuwathokoza m'mawa uliwonse. Koma limenelo ndi thupi lako, woweruza sindine. Ukadandiuza kuti mayi, ndinachita zakutizakuti, mwamuna anandinyoza, tsopano zakwinyika ndipo ndikuchita manyazi, ukuganiza kuti Lachinayi sindikadabwera? Ndikadabwera. Mbatata ndikadasenda chimodzimodzi." Anapuma. "Koma unandisiya ndivule."

Lusubilo anagwada pansi, pa simenti yozizira yonunkha mankhwala.

"Mayi…"

"Ayi. Ine usandipepese lero, ndilibe poika. Mwina tsiku lina, mwinanso ayi, sindikulonjeza." Tsopano anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso. "Kunjaku kuli azimayi khumi ndi anayi. Ena ali pa shifiti chiyambire m'mawa, m'mimba muli mphepo yokhayokha chifukwa cha iwe. Mmodzi ndi woyamwitsa, ndinamuletsa koma anakana. Mwangala, mupatse foniyo."

Mwangala anatsegula gulu la azimayi la pa foni n'kumupatsira ndi zala ziwiri, nkhope atayang'ana kumbali.

"Ndilemba," anatero Lusubilo.

"Usalembe. Wakhala chete mokwanira. Akumve mawu."

Pagalasi la foni panali uthenga womaliza, wa mayi wina amene analemba kuti mutu ukumupweteka koma sabwerera m'mbuyo, mlongo wathu achire. Pansi pake panali tizithunzi ta manja opemphera. Lusubilo ankawadziwa onse amene akamve: amene amayamba nyimbo, amene sasunga nkhani, amene mwamuna wake amamwa ndi Rowland. Pofika madzulo zikhala zitafika ku Newcastle, mawa ku Karonga. Chala chake chinkaterereka pagalasi.

Dzanja linatera paphewa pake. Linali la Misozi. Silinali lofewa, koma silinachoke.

Anadina kabatani kojambulira mawu. Poyamba panatuluka mpweya wokha.

"Kweza," anatero Mayi Phyllis.

"Azimayi anzanga, ndine Lusubilo. Amene mukusala, chonde idyani. Sindikudwala, sindinadwalepo. Zimene Mwangala anaona ndi makwinya a zinthu zimene ndinakaikitsa ndekha m'mawere. Ndinaona kuti mwamva molakwa ndipo ndinakhala chete, chifukwa zinkandikomera kuti pakhomo panga pakubwera anthu. Mayi Phyllis ali m'chipatala chifukwa cha ine. Ndalakwira iwo, ndalakwira inu, ndalakwira Mulungu amene mwakhala mukumulilira ndi dzina langa. Ndilibe chodzikanira. Ndikhululukireni. Chonde, amayi anga, ndikhululukireni."